Timaungu tikamathothoka, yang'anani ngati njuchi zikubwera

Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, alimi a ku Kasungu amatidandaulira ife alangizi kuti maungu ayanga bwino ndipo nkhwani ndi wobiriwira, koma timaungu tikungochita chikasu n'kuthothoka tisanakule. Ambiri amaganiza kuti nthaka yaguga kapena feteleza wachepa, chonsecho kawirikawiri chomwe chasowa m'mundamo ndi njuchi.

Chomera chimodzi cha maungu chimatulutsa maluwa amitundu iwiri: lalimuna, lija amayi amathyola ngati chiluwe, ndi lalikazi, lomwe limakhala ndi kadzungu kunsi kwake. Maluwawa amamasula m'bandakucha n'kufota dzuwa likamafika paliwombo, ndipo mungu wake ndi wolemera komanso womata, moti mphepo siingaunyamule monga imachitira ndi wa chimanga. Ngati m'maola ochepawo njuchi sizinatere kangapo pa duwa lalikazi zitachokera pa lalimuna, kadzungu kaja kamafa. Mpendadzuwa nawonso umachuluka njere zamphwepwa, zopepuka pa sikelo, njuchi zikachepa. Mtedza sudalira kwenikweni tizilomboti chifukwa duwa lake limadzipatsa lokha mungu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kapoperedwe kathu ka mankhwala. Chifikireni mbozi ya fall armyworm m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17, kupopera mankhwala monga cypermethrin m'chimanga kwachuluka, ndipo popeza maungu timawadzala m'mizere yomweyo, mlimi wopopera m'mawa amanyowetsa maluwa panthawi yomwe njuchi zadzazamo. Sindikunena kuti mbozi tiisiye idye chimanga, ayi. Koma popani madzulo maluwa atafota, kopanda mphepo, ndipo lunjikitsani mankhwalawo pakati pa masamba a kunsonga pomwe mbozi imabisala. Chimanga chikatulutsa ngayaye samalani koposa, pakuti njuchi zimatolanso mungu pamenepo.

Tizilomboti timafunanso pokhala ndi chakudya cha m'chilimwe, pamene minda ili mbee. Mitengo monga ya mombo yomwe tikudula pofuna nkhuni zochizira fodya ndi makala ndi imene imadyetsa njuchi miyezi imeneyo, ndipo moto wa osaka mbewa umatentha zisa za njuchi zing'onozing'ono zokhala m'mapesi ndi m'zitsa. Mlimi asiyeko mitengo ingapo m'malire a munda, apachikemo mng'oma ngati angathe, ndipo amayi pothyola chiluwe adikire dzuwa likwere kaye, n'kusiyako maluwa ena pa phando lililonse.