Anthu opanda kumudzi: momwe mabungwe anafikira pokhala pansi ndi a m'zisakasa ku Harare

Kumadzulo kwa Harare, mukapitirira Dzivarasekwa yakale ija, kuli dera lotchedwa Dzivarasekwa Extension. A mabungwe a chitukuko amakonda kupita ndi alendo kumeneko kuti akaone nyumba za njerwa, mapaipi ndi misewu imene anthu osauka anagwirira limodzi ndi khonsolo ya mzinda. Alendowo amauzidwa kuti ndalama inachokera ku Bill & Melinda Gates Foundation mu 2010, amajambula zithunzi, basi n'kubwerera. Koma nkhani ya malo amenewa inayamba kale kwambiri, ndipo ife ana ndi zidzukulu za Amalawi obadwira kuno tili m'katikati mwake, ngakhale kuti malipoti satitchula kawirikawiri.

Agogo athu ambiri anabwera wapansi. Ankatsika kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, kuoloka Zambezi pa Tete, n'kudzalowera cha ku Mutoko. Ena anakwera magalimoto osalipira a boma la Rhodesia otchedwa Ulere, ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Chinkawathamangitsa kwawo chinali msonkho ndi kusowa kwa ntchito ya malipiro. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland itafufuza, inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Amene sanabwererenso, kwawo anawatcha matchona. Mu Salisbury, amene lero ndi Harare, anakhala akhukhi, osamalira maluwa, alonda, a njanji ndi osesa misewu ya khonsolo. Anadzaza Harari, imene lero timati Mbare, kenako Rugare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, imene inamangidwira makamaka ogwira ntchito m'nyumba za azungu. Anzawo achishona ankagwira ntchito m'tauni phazi lina lili kumudzi, kumene kunali munda ndi khola. Mmalawi analibe phazi lachiwirilo. Anakwatira kuno, anabereka kuno, ndipo ankadziwa kuti adzaikidwa kuno.

Pamenepo ndi pamene panabadwira chitukuko chathu choyamba, bungwe lililonse la kunja lisanabwere. Munthu akamwalira kutali ndi abale, bokosi agula ndani? Ufa wa pa siwa uchokera kuti? Anthu ochokera boma limodzi anayamba kusonkherana, n'kupanga magulu a maliro okhala ndi tcheyamani, mlembi ndi msungichuma. Aliyense ankapereka mwezi ndi mwezi, mlembi n'kulemba m'buku pamaso pa onse, ndipo amene wadumpha miyezi ankadziwika. Mipingo inayenda chimodzimodzi. Amalawi a kuno ndiwo anapempha mbusa, ndipo m'busa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury mu 1912. Mpingo umenewo ndi umene unadzakhala sinodi ya CCAP ya kuno mu 1965. Ayao anamanga mizikiti yawo, a Beni ndi a gule wamkulu anali ndi atsogoleri ndi thumba lawo. Ndimatchula zimenezi chifukwa mlangizi wa bungwe akafika lero n'kuyamba kuphunzitsa amayi a ku Mabvuku kusunga ndalama pagulu, amakhala akulankhula ndi anthu amene agogo awo ankasunga buku lotere zaka zambirimbiri iye asanabadwe.

Ufulu utabwera mu 1980, thandizo la kunja linasefukira. USAID inaika ndalama pomanga Kuwadzana, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza madera ena monga Budiriro. Njira yake inali yoti munthu apatsidwe puloti yofikako kale madzi, chimbudzi ndi msewu, iye amange yekha m'nthawi yoikika. Mabanja ambiri anapeza nyumba motero, ndipo palibe angakane. Koma kuti ulowemo unkayenera kukhala pa mndandanda wa khonsolo, kukhala ndi chiphaso, ndi kusonyeza kuti umalandira malipiro okhazikika. Wogulitsa tomato ku Mbare Musika, mlonda wa ganyu, mwana wa mkhukhi amene bambo ake sanamulembetse pobadwa, onsewa anatsalira kunja. Ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma yotchedwa ESAP itafika mu 1991 mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse ya ku lokeshoni kunamera kanyumba ka matabwa kochitira lendi.

Chaka chomwecho cha 1991, Mfumukazi Elizabeth ikubwera ku msonkhano wa Commonwealth, akuluakulu a mzinda anasesa anthu ogona m'zisakasa ku Mbare, Epworth ndi malo ena, n'kukawatula ku Porta Farm, pa msewu wa ku Bulawayo pafupi ndi nyanja ya Chivero. Mu 1993 anthu a pa Churu Farm, famu ya wandale wotsutsa boma Ndabaningi Sithole, anathamangitsidwanso. M'zaka zimenezo ndi mmene Hatcliffe Extension ndi Dzivarasekwa Extension zinakhalira misasa yongoyembekezera. Anthu anauzidwa kuti akhala kanthawi kochepa. Ana anabadwira momwemo mpaka kuyamba sukulu.

Mabungwe ndi mipingo anafika m'misasamo ndi ufa, mabulangete, mankhwala ndi timasukulu ta mkaka. Linali thandizo lenileni, ndipo pali anthu ali moyo lero chifukwa cha ilo. Koma pafupifupi onse ankazemba nkhani ya malo, chifukwa malo ndi ndale, ndipo bungwe lolowa ndale limaopa kulandidwa chilolezo. Ankamanga pa nthaka imene aliyense ankadziwa kuti mwini wake akhoza kubwera tsiku lililonse.

Kwa ife zinthu zinaipiratu kuyambira mu 2000. Mafamu a azungu atalandidwa, antchito ambiri a m'mafamumo, amene gawo lalikulu anali a mtundu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anasowa kolowera, nabwera kudzaunjikana m'mphepete mwa Harare. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene kholo lake linabadwira kunja ankayenera kukakana unzika wa dziko limenelo, ngakhale iye asanapondeko. Ambiri sanamve n'komwe, ena analibe ndalama kapena mapepala, ndipo anadzuka tsiku lina ali alendo m'dziko lobadwira. Zitupa zawo zinali ndi chizindikiro cha Alien. Sakanatha kuvota, ndipo munthu wosavota khansala samuwerengera.

Ndiye kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yosesa m'mizinda, mu Meyi 2005. Apolisi ndi mathirakitala anagwetsa tinyumba ta kuseri, misika ndi misasa yathunthu, m'nyengo yozizira. Anna Tibaijuka, amene ankatsogolera UN-Habitat, nthambi yoona za nyumba ndi mizinda, ndipo anatumidwa ndi United Nations, analemba mu lipoti lake la mu Julaye kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama, ndipo ena 2.4 miliyoni anakhudzidwa mwa njira zina. Porta Farm inagwetsedwa ngakhale kuti khoti lalikulu linali litaletsa. Ku Hatcliffe Extension anthu anali ndi mapepala a lendi ochokera ku boma lomwelo, koma sanawathandize, ndipo ntchito ya chipatala ndi yosamalira ana imene masisitere a Dominican ankayendetsa inaphwasulidwa limodzi ndi nyumba. Lamulo linali limodzi: aliyense abwerere kumudzi kwawo. Mshona anakwera lole wa ku Murehwa kapena ku Gutu akulira, koma anali ndi kopita. Mdzukulu wa mtchona akanapita kuti? Ku Ntcheu kumene sanakuonepo, kumene ngakhale dzina la nyakwawa salidziwa? Ambiri anakagona pa bwalo ku famu ya Caledonia, kenako anakatayidwa ku famu ya Hopley. United Nations itafuna kupereka matenti, boma linakana.

Chaka chimenecho chinaonetsa poyera kuti thandizo la zaka khumi ndi zinayi likhoza kutha m'mawa umodzi ngati anthu alibe chonena pa malo amene akukhala.

Panali gulu lina limene linayamba kuyenda njira yosiyana zimenezi zisanachitike. Mu 1998 anthu a m'zisakasa ndi ochita lendi anakhazikitsa Zimbabwe Homeless People's Federation, mothandizana ndi kabungwe ka akatswiri ochepa kotchedwa Dialogue on Shelter, kamene Beth Chitekwe-Biti anakatsogolera kwa zaka zambiri. Nzeru yake anaiona kwa anzawo a ku South Africa ndi India a mu SDI, mgwirizano wa anthu a m'zisakasa a m'maiko osiyanasiyana. Maziko ake ndi kusunga ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa mamembala ndi amayi.

Azakhali anga ena anali wotolera m'gulu lotere. Dzuwa likapendeka ankatenga kope ndi kathumba n'kuyamba khomo ndi khomo. Wina apereka ya ndiwo yotsala, wina alibe. Ankalemba m'kabuku ka mwini ndalama, n'kulembanso m'kope lawo, onse awiri n'kusaina. Ankati ndalamayo ndi yochepa, chachikulu n'chakuti pofika Loweruka ankakhala akudziwa nyumba imene mwana akutsegula m'mimba, imene mwamuna wathawa, ndi imene mwini nyumba waopseza kutulutsa katundu panja. Pa msonkhano wa sabata mabuku ankayalidwa pa mphasa kuti aliyense aone. Nditawafunsa ngati zinali zachilendo, anati, "Mwanawe, atate ako aakulu ankachita zomwezi ku gulu la maliro. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikusungira nyumba ya amoyo." Magulu onse ankaponyanso pang'ono m'thumba la dziko lonse lotchedwa Gungano, lobwereketsa pogula malo ndi kumanga. Ndalama ya Zimbabwe itagwa mu 2008 zosunga zonse zinasanduka mapepala, koma magulu sanathe. Dola ya America itayamba kugwira ntchito mu 2009 anayambiranso.

Chida chawo chachiwiri chinali kalembera wodzichitira okha. Mapu a khonsolo ankasonyeza tchire pamalo pamene pankagona mabanja mazanamazana. Ndiye eni ake ankagawana timagulu, kulemba nambala ndi penti pa chitseko cha chisakasa chilichonse, kufunsa kuti mnyumbamo muli anthu angati, anafika liti, madzi amatunga kuti, amadzithandiza kuti, kenako n'kuyeza ndi kujambula mapu. Kwa munthu wa chitupa cha Alien, kapena wopanda chitupa n'komwe, kalembera ameneyu anali wosiyana ndi ena onse, chifukwa wolembayo anali mnansi wako ndipo funso lake linali lakuti umagona pati.

Ndi mabuku amenewa m'manja, Federation inapatsidwa malo ku Dzivarasekwa Extension mu 2007. Mu 2010, meya ali Muchadeyi Masunda, khonsolo ya Harare, Dialogue on Shelter ndi Federation anasainirana pangano, ndipo Gates Foundation inapereka madola 5 miliyoni a ntchito ya zaka zisanu. Madera a zisakasa oposa 60 analembedwa, ndipo Dzivarasekwa Extension, ya mabanja pafupifupi 480, inasankhidwa kukhala poyambira.

Mkangano waukulu unali wa malamulo a zomangamanga. Malamulo a mzinda, ochokera m'nthawi ya atsamunda, ankafuna kuti madzi a m'mipopi, mapaipi a zonyansa ndi misewu zithe kaye munthu asanagone pa puloti. Wosauka sangalipire lendi kwina kwinaku akulipirira mapaipi a malo amene saloledwa kukhalapo. Amayi a Federation anaumirira kuti anthu akhale pomwepo m'tinyumba tongoyembekezera, amwe madzi a pa mjigo, ndipo zina zibwere pang'onopang'ono. Mainjiniya a khonsolo anafunsa za zimbudzi, ndipo anali ndi chifukwa: kolera wa 2008 mpaka 2009 anali atangopha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, Budiriro ndi Glen View zili patsogolo. Yankho linachokera kwathu. Pa maulendo ochezerana, a Federation anaona kwa anzawo a ku Malawi zimbudzi za ekosani. Chimbudzi chake chimamangidwa pamwamba pa nthaka, chili ndi zipinda ziwiri pansi, mkodzo umapita padera, ndipo ukatha kudzithandiza umathira phulusa ndi dothi. Chipinda chimodzi chikadzaza amachitseka kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, n'kumagwiritsa chinacho, ndipo zotulukamo zimakhala manyowa ouma. Sichifuna madzi ndipo sichiipitsa chitsime. Khonsolo inavomera. Pambuyo pake anthu omwewo, amayi ambiri, anakumba ngalande za mapaipi ndi manja awo, mainjiniya akuyeza ndi kuyang'anira. Mu 2014 mbali zitatuzo zinatsegula thumba limodzi la ngongole ndi madola 200,000, khonsolo itaponya gawo lalikulu, ndipo a m'zisakasa anakhala nawo pa komiti yoliyendetsa.

Apa ndi pamene ine ndimaona kusiyana ndi zonse zam'mbuyomu. Wopereka ndalama anapeza anthu ali kale ndi atsogoleri, mabuku, malo ndi mfundo zawo, ndipo ndalama yake inagwira ntchito yokankhira khonsolo kuti ikhale nawo pansi. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma mutu wometedwawo unali wa eni ake, ndipo ndiwo ananena pometa.

Sindikufuna kukometsa mopitirira. Mabanja 480 ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene anagwetseredwa nyumba mu 2005. Ndalama ya Gates itatha, liwiro linatsika. Mu 2019 boma litasintha madola a m'mabanki kukhala ndalama ya m'dziko muno yotchedwa RTGS, zosunga za anthu zinadyekanso. Kumwera ndi kum'mawa kwa mzinda, mapuloti ambiri akugawidwa ndi makopaletivi okhala ndi msana wa ndale ndi anthu ogulitsa malo osakhala awo, ndipo khonsolo yomwe inasaina pangano ija imatumizabe mathirakitala. Mabungwe nawonso ali pampanipani: mu Juni 2008 boma linawaimitsa ntchito za m'madera kwa miyezi pafupifupi itatu, mu 2025 lamulo la PVO, loyang'anira mabungwe omwe si aboma, linakhwimitsidwa, ndipo chaka chomwecho ntchito zambiri za USAID zinatsekedwa kuchokera ku Washington.

Ku mbali yathu, malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo ndi la dziko la SADC, ndipo Chichewa chinalowa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma chitupa sichisintha chokha. Munthu ayenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi chikalata chobadwira, ndipo amene makolo ake anamwalira pa famu opanda pepala lililonse amabwezedwa kuti akapeze mboni. Ku Hopley, ku Epworth ndi ku Hatcliffe kuli ana a m'badwo wachinayi amene akulephera kulemba mayeso a Grade 7 pa chifukwa chimenechi, ndipo adzalepheranso kulowa pa mndandanda wa nyumba wa khonsolo. Bungwe lililonse lobwera ndi pulojekiti m'madera amenewa, likayamba ndi kufunsa nambala ya chitupa polemba opindula, lachotsa kale mabanja athu ambiri msonkhano woyamba usanachitike.