Simufunika kung'amba Sequel kuti muiwonjezere luso

Kwa nthawi yaitali, olemba mapulogalamu ambiri akhala akuganiza kuti ORM, laibulale yolumikiza khodi ndi matebulo a mu database, ikasowa kanthu ndiye kuti muyenera kulowa m'kati mwake n'kuisintha. Ayi ndithu. Mukatero, mtundu watsopano wa laibulaleyo ukangotuluka, zonse munasinthazo zimafufutika.

Taonani Sequel, ORM ya chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Ruby, yomwe amaisamalira a Jeremy Evans: mumaiwonjezera luso ndi ma plugin, tizigawo ta khodi tongolumikizapo. Mukalemba plugin :timestamps mu model yanu (khodi yoimira tebulo), created_at imadzazidwa yokha ndi nthawi mukasunga mzere watsopano mu tebulo, ndipo updated_at imadzazidwa mukausintha. Plugin yanuyanu ndi module (phukusi la khodi) wamba chabe: mumaikamo ClassMethods, InstanceMethods kapena DatasetMethods, Sequel n'kuika chilichonse pamalo pake. Koma samalani polemba before_save, hook (khodi yoyamba yokha) imene imagwira ntchito mzere usanasungidwe. Mukaiwala kuitana super, lamulo lopatsira ntchito ku khodi ina ya dzina lomwelo, ma hook a ma plugin ena amangoti zii, osadandaula n'komwe.