Mtanda uja si chiliza cha munthu

Ukalowa pabwalo la tchalitchi chakale m'midzi ya ku England, nthawi zambiri upeza masitepe a miyala, pamwamba pake patakhala chitsa cha mzati. Anthu ambiri amangoti ndi chiliza cha munthu wolemera amene dzina lake linafufutika. Ayi ndithu, ndi chotsala cha mtanda wamwala. Kalelo anthu wamba sankaikidwa ndi ziliza zamiyala. Mtanda umodzi womwewo unkaimira onse ogona pamalopo. Unalinso poima ndi popempherera pa ndawala za mpingo, makamaka pa Lamulungu la Kanjedza.

Nanga mutu wake unapita kuti? Ena amaloza mvula ndi ukalamba, koma yambiri inaswedwa dala m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ndi anthu odana ndi zifaniziro. Mu 1643 Nyumba ya Malamulo inachita kulamula kuti mitanda ichotsedwe. Pa zitsa zina anthu anadzaikapo chipangizo chodziwira nthawi poona mthunzi wa dzuwa. Bungwe loteteza zinthu zakale la Historic England limati pa mitanda yoposa 12,000 yomwe inalipo kale, yotsala siyikwana 2,000. Wa ku Somersby, m'dera la Lincolnshire, ndi umodzi mwa yochepa yomwe idakali yathunthu.

Poti ndi chitsa chabe, wina n'kuganiza kuti mpingo ungachizule umo ufunira. Ngati chinalembedwa m'kaundula motsatira lamulo la 1979 loteteza zinthu zakale, ngakhale kukonza mwala wosweka kumafuna chilolezo cha boma. Nthaka ya pansi pake nayonso imatetezedwa, ndipo mpake, chifukwa mitanda yambiri sinasunthidwepo chiimikireni.