Kuchepetsa nkhawa ndi nyimbo: zimene zimathandiza ndi pamene muyenera kupita kuchipatala

Mayi amene akudikira opaleshoni ku Chipata Central Hospital, mwana wa Giledi 12 amene mayeso amuyandikira, mlimi wa ku Katete amene wadzala kale koma feteleza alibe ndipo ngongole ikumudikira, onsewa akhoza kukuuzani chimodzimodzi: mtima sukukhala m'malo. Tulo sitibwera, m'manja mumatuluka thukuta, m'mimba mumapotokola, ndipo maganizo amangozungulira pa nkhani imodzi usiku wonse. Ambiri amati "ndikuganiza kwambiri", ena amati "BP yakwera" ngakhale sanapimitse. Imeneyi ndi nkhawa.

Kuda nkhawa kwa masiku ochepa pa chifukwa chodziwika n'kwachibadwa. Nkhawa imakhala matenda pamene yatenga miyezi, yakula kuposa chimene chayiyambitsa, ndipo ikukulepheretsani kugwira ntchito, kuphunzira kapena kukhala bwino ndi anthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi ofunika thandizo, mmodzi yekha ndi amene amalipeza. Amayi amavutika nawo kwambiri kuposa abambo.

Chimene chimachitika m'thupi

Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwambapamwamba, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika. Zonsezi n'zoti muthawe kapena mulimbane ndi choopsa. Vuto la nkhawa n'lakuti thupi limakhalabe chikonzekerere ngakhale palibe chothawa.

Thupi lomwelo lili ndi njira yodzibwezera pansi, ndipo khomo lake lapafupi ndi mpweya. Mukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo, mtsempha wotchedwa vagus umauza mtima kuti uchepetse liwiro. Tsono taganizirani zimene mumachita poyimba: mumakoka mpweya kamodzi, kenaka mumautulutsa pang'onopang'ono mpaka mzere wa nyimbo utatha. Mukayimba ndime zitatu za nyimbo yodekha, mwapuma motero kambirimbiri osawerenga n'komwe. Ofufuza a ku Gothenburg m'dziko la Sweden anapima anthu oyimba kwaya mu 2013, ndipo anapeza kuti poyimba pamodzi mitima yawo inkathamanga ndi kubwerera pansi nthawi imodzi, motsatira kapumidwe ka nyimboyo.

Kumvetsera chabe nakonso kuli ndi ntchito yake. Nyimbo imene mumaikonda imakoka maganizo kuchoka pa nkhani imene yakhala ikukudyani, ndipo imakukumbutsani malo ndi anthu amene munali nawo pa mtendere.

Umboni wa kuchipatala

Umboni wolimba kwambiri unachokera kwa odwala a opaleshoni. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku 73 wosiyanasiyana, wokhudza odwala pafupifupi 7,000. Amene ankamvetsera nyimbo opaleshoni isanachitike, ili mkati kapena itatha, anali ndi nkhawa yochepa, ululu wochepa, ndipo anafuna mankhwala ochepa opha ululu. Palibe amene anachira nthenda yake chifukwa cha nyimbo, koma anadutsa nthawi yovutayo mopepukirapo. Pa chinthu chosalira ndalama, chosafuna jekeseni, phindu limeneli si laling'ono.

M'mayiko ena muli akatswiri ophunzira kuchiza ndi nyimbo, amene amakhala ndi wodwala n'kumayimba naye kapena kupeka naye nyimbo motsatira vuto lake. Akatswiri otere si ambiri kwathu kuno. Koma mbali yaikulu ya zimene zimathandiza tili nayo kale, ndipo ndi apa pamene ine ndikuona kuti timadzipeputsa. Mayi akamatonthoza mwana kumbuyo amayimba motsitsa, mobwerezabwereza, ndipo amene amakhazikika si mwana yekha, mayinso. Amayi a pamtondo ankatula za kukhosi kwawo m'nyimbo, anzawo n'kumavomera. Pamaliro makwaya amachezera usiku wonse kuti ofedwa asakhale okha ndi maganizo. Kwa Atumbuka a ku Lundazi ndi kumpoto kwa Malawi, vimbuza ndi gule wochizira, ng'oma ndi nyimbo zili pakati pake. Owerenga Baibulo akudziwanso za pa 1 Samueli 16, pamene Davide ankayimbira Sauli zeze mtima wake ukavutika, iye n'kupeza bwino.

Mmene mungachitire panokha

Sankhani nyimbo zanu. Palibe mtundu umodzi wa nyimbo umene uli mankhwala kwa aliyense: wina amakhazikika ndi nyimbo za kutchalitchi, wina ndi kalimba kapena gitala wopanda mawu, wina ndi nyimbo zakale zimene makolo ake ankamvera pa wailesi. Zimene zimathandiza ambiri ndi zodekha, zosalumphalumpha, zoyenda pafupifupi ngati mtima wa munthu amene wapuma, kugunda ka 60 mpaka 80 pa mphindi. Ngati mtima wathamanga kale kwambiri, nyimbo yozizira zedi ikhoza kukunyansani. Yambani ndi yofulumirako pang'ono, kenaka mutsike nayo.

Ipatseni nthawi yakeyake, mphindi 20 kapena 30, osati kungoisiya ikulira uku mukuyankha mauthenga pa WhatsApp. Khalani pansi kapena gonani, masulani mapewa ndi nsagwada. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse mukuwerenga mpaka 6. Maganizo akathawira ku ngongole ija, musadzikalipire, ingobwererani ku mawu a nyimboyo. Chitani zimenezi tsiku lililonse, makamaka madzulo musanagone, ngakhale tsiku limene muli bwino. Thupi likazolowera, nyimbo yomweyo idzakukhazikani msanga tsiku lovuta.

Ngati mulibe foni, kapena magetsi azima ndipo batire yatha, palibe chimene chatayika. Yimbani nokha, kapena tsekani pakamwa muyimbire m'mphuno motsitsa. Mungachite zimenezi pa benchi ya kukiliniki, m'munda, kapena pa mzere wa ku banki osasokoneza munthu. Phokoso la mvula pa malata, mphepo m'mitengo ndi mbalame za m'mawa zimathandizanso ena amene safuna mawu.

Koma ngati mungathe, yimbani ndi anthu. Nkhawa imakonda munthu amene wadzitsekera m'nyumba. Kwaya, gulu la amayi, chimtali cha madzulo, zonsezi zimakupatsani mpweya wautali uja, kugwedeza thupi, ndi anthu amene adzafunsa mukapanda kubwera. Chachitatuchi n'chimene foni singakupatseni. Atsogoleri a makwaya, musathamangitse munthu chifukwa mawu ake sakoma kwambiri, mwina nthawi yokonzekera nyimbo ndi yokhayo imene mtima wake umapumula sabata yonse.

Amene mukupita ku opaleshoni, kokachotsa dzino kapena kokachira, funsani anamwino ngati mungamvetsere nyimbo podikira. Tsitsani mawu kuti mumve akakuitanani, ndiponso kuti musavutitse wodwala mnzanu.

Zoyenera kusamala

Nyimbo ina imatsegula bala. Imene inayimbidwa pa maliro a mwana wanu, kapena imene ikukumbutsani munthu amene anakuzunzani, ikhoza kukulitsa vuto. Kulira pang'ono n'kupepukidwa si koipa, koma ngati ikukusiyani mukunjenjemera kapena osagona, isiyeni.

Samalani makutu. WHO ikuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chogontha chifukwa chomvetsera mokweza. Mawu a foni asapitirire 60 peresenti, ndipo muzipumitsa makutu. Ngati munthu amene ali pafupi nanu ayenera kukuwa kuti mumumve, mwakweza kwambiri. Oyendetsa njinga ndi njinga zamoto, musatseke makutu pamsewu.

Nyimbo za kumalo omwera mowa si thandizo limene tikunena pano. Mowa umaziziritsa mtima kwa maola ochepa, m'mawa nkhawa imabwerera itakula. Tiyi wambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu nazonso zimathamangitsa mtima.

Pa intaneti pali anthu ogulitsa mawu ojambulidwa oti muzimvetsera, amene amati ali ndi mphamvu yapadera yochiza matenda onse. Umboni wake ndi wofooka. Ngati mawuwo akukusangalatsani, mverani, koma musawalipirire ndalama ya ndiwo, ndipo musasiye mankhwala a BP, shuga, khunyu kapena ma ARV chifukwa cha iwo.

Pamene nyimbo sizikwanira

Kuthamanga kwa mtima sikuti nthawi zonse ndi nkhawa. Kuchepa magazi, malungo, matenda a chithokomiro, shuga wotsika ndi matenda a mtima zimatha kuoneka chimodzimodzi, ndipo zimafuna kupimidwa. Mankhwala ena, kuphatikizapo ma ARV ena, amasokoneza tulo. Musawasiye nokha, kauzeni amene anakupatsani.

Pitani kukiliniki ngati nkhawa yatenga milungu yambiri osachepa, ngati mwasiya kupita kuntchito, kusukulu kapena kumsika chifukwa cha mantha, ngati mantha aakulu amakugwirani mwadzidzidzi mpaka kuona ngati mukufa, kapena ngati ndinu mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene amene mtima sukumupatsa mpata. Nenani mosabisa kuti vuto ndi maganizo, musangoti mutu ukupweteka. Matenda a nkhawa amachizika ndi uphungu wokambirana, ndipo ena amapatsidwanso mankhwala. Musagule mapiritsi ogonetsa monga diazepam popanda chilolezo cha adokotala, chifukwa thupi limawazolowera msanga ndipo kuwasiya kumavuta. Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ufulu ndi ulemu wa munthu wodwala maganizo m'Zambia, kotero kupempha thandizo si chinthu chochititsa manyazi.

Kupweteka kwa pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kubanika kwambiri ndi kukomoka, zimenezi n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngati mukuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe: mbale, mnzanu, abusa, anamwino. Abale, musamusiye yekha, ndipo chotsani pafupi mankhwala a m'munda ndi ophera makoswe. Mukhoza kuyimba foni mwaulere ku Lifeline/Childline Zambia pa 933, ndipo ana ayimbe pa 116. Kiliniki yapafupi ikhoza kukutumizani ku Chipata Central Hospital kapena kuchipatala cha m'boma lanu.