Mankhwala otsuka utsi wa m'mafakitale: bwanji ena amafa msanga?

Kuno ku Kasungu tikamva za utsi wosokoneza nyengo, maganizo amathamangira ku mabalani a fodya ndi kootcha makala. Ife a zamakemiko timayang'ana kwambiri chumuni cha fakitale ya simenti, ndipo m'boma lathu lino ilipo, ya Shayona. Popanga simenti, mpweya wosokoneza nyengowo, kaboni dayokisaidi, suchokera m'malasha okha. Mwala wa laimu ukapsa m'ng'anjo umatulutsa mpweyawu pawokha, makilogalamu pafupifupi 440 pa tani imodzi ya mwala wabwino. Ngakhale mutasiya malasha n'kusonkhezera ng'anjoyo ndi magetsi a dzuwa, mpweya wa m'mwalawo utulukabe. Chotsala ndi kuugwira usanathawire mumlengalenga.

Luso lake ndi lakale ndithu. Robert Bottoms wa ku America analilembetsa mu 1930. Utsi amaulowetsa pansi pa thanki yaitali, pamwamba pake n'kumagwetsa madzi osakaniza ndi mankhwala a mtundu wa amine, omwe ndi achibale a amoniya. Utsi ukukwera, madzi akutsika, ndipo pokumanapo amine amakola kaboni dayokisaidi n'kusiya mpweya wina kudutsa. Izi zimachitika madziwo ali ofunda chabe, madigiri 40 kapena kuposerapo pang'ono. Kenako amawapopera m'thanki yachiwiri n'kuwatenthetsa ndi nthunzi kufika cha m'ma 120. Apo amine amautaya mpweya uja, amazizira, n'kubwerera kukayambanso ntchito. Makina abwino amagwira magawo 90 pa 100 alionse a mpweyawu.

Kugwirako ndiye kophweka. Mutu umawawa pa funso lakuti madzi omwewo azungulira kangati asanafe.

Onani mafuta a pachiwaya. M'mawa amakhala oyera, koma akamatenthedwa n'kuzizira, kutenthedwanso, amada, amachita thovu, tchipisi n'kuyamba kumveka kuwawa. Amine wodziwika kwambiri, MEA, yemwe amathiridwa magawo 30 pa 100 m'madzi, amaonongeka chimodzimodzi. Mdani wake wamkulu ndi okosijeni, ndipo mu utsi sasowa. Okosijeni amaphwanya MEA n'kutulutsa amoniya ndi maasidi. Maasidiwo amadya zitsulo za mapaipi, ndipo chitsulo chosungunukacho chimafulumizitsa kuphwanyika kwa MEA wotsala. Zimangodyetsana choncho. Kutentha kwa m'thanki yachiwiri nako kumamata tizidutswa ta amine kukhala zinthu zopanda ntchito. Ndiye pali salufa wa m'malasha, yemwe amamanga amine kukhala mchere umene ngakhale muutenthe bwanji sumasula. Fumbi la simenti limangowonjezera mavuto, n'chifukwa chake utsi umayenera kusefedwa ndi kuziziritsidwa kaye.

Pali china chomwe otsatsa makinawa sachitchula msanga. Amine wina akakumana ndi maokosaidi a nayitirojeni (mipweya yobadwa pa moto) a mu utsi amapanga mankhwala otchedwa ma nitrosamine, ndipo ena mwa iwo amayambitsa khansa. Chumuni chotsukidwa mosasamala chikhoza kuchotsa vuto la dziko lonse n'kusiyira lina mudzi woyandikana nawo.

Ndiye akatswiri akhala akufunafuna amine wolimba. Mmodzi alimi a nkhuku ndi nkhumba mukumudziwa kale: piperazine, uja wopha njoka za m'mimba. Gulu la Gary Rochelle ku University of Texas lidaonetsa kuti piperazine amakola mpweya mwachangu kuposa MEA, saopa okosijeni kwenikweni, ndipo amapirira mpaka madigiri 150. Chinsinsi chake n'chakuti maatomu ake analumikizana mozungulira ngati mphete, choncho savuta kugwira ntchito koma amavuta kudula. Naye ali ndi khalidwe lake: akachuluka m'madzi n'kuzizira amaundana, mapaipi n'kutsekeka, komanso ali m'gulu lopanga ma nitrosamine lija. Ku Ulaya anamusakaniza ndi amine wina wotchedwa AMP, n'kupanga msakanizo wa CESAR1 womwe wayesedwa pamalo oyesera a Mongstad ku Norway. Umafuna nthunzi yochepa poyerekeza ndi MEA, ndipo apa pali ndalama, chifukwa MEA amadya magigajulo (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 4 a kutentha pa tani iliyonse ya mpweya wogwidwa.

Mukamva kuti ku Sleipner, m'nyanja ya ku Norway, akhala akugwira mpweyawu kuyambira 1996, musatengeke kwambiri. Kumeneko amauchotsa mu gasi wa pansi pa nthaka momwe mulibe okosijeni, ndiye amine wawo amakhala pamtendere. Mayeso enieni ali pa utsi wa moto, monga ku Boundary Dam ku Canada komwe anayamba mu 2014 pa siteshoni ya magetsi a malasha, ndipo kuonongeka msanga kwa amine kudawadyera ndalama zambiri. Chitsanzo chotiyandikira ndi fakitale ya simenti ya Brevik, ku Norway komweko, yomwe idatsegula makina ake mu 2025 kuti izigwira matani 400,000 pachaka, pafupifupi theka la mpweya wake. Nthunzi amaipanga ndi kutentha kotsala kwa ng'anjo, ndipo mpweyawo amautumiza pa sitima ya pamadzi kuti ukakwiriridwe pansi pa nyanja.

Ife nyanja yoteroyo tilibe, ndipo amine aliyense tingamugule ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa kale pa feteleza ndi mafuta a galimoto. Kwa ine, wobwera ndi pulani yotere kuno ayambe wayankha kuti makilogalamu angati a amine azionongeka pa tani iliyonse ya mpweya, komanso matope akuda otsala poyeretsa mankhwalawo azitayidwa kuti, poti anthu ozungulira amamwa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime.