Oilo wa synthetic saononga klachi ya njinga yamoto

Pakati pa onyamula anthu panjinga zamoto ku Kapata kuno ku Chipata pamamveka mphekesera yakuti oilo wa synthetic (wopangidwa mwapadera m'fakitale) amatereretsa klachi, ndiponso kuti ukangomuthira kamodzi sungabwererenso ku oilo wamba wa mineral (woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi). Zonsezi n'zabodza.

Pa Boxer ndi njinga zambiri zotere, injini, magiya ndi klachi zimagwiritsa ntchito oilo mmodzi. Chimene chimatereretsa klachi ndi oilo wa galimoto, wokhala ndi mankhwala owonjezera kuterera, kaya ndi wa mtundu uti. Pogula, tembenuzani botolo muone ngati palembedwa 4T ndi JASO MA kapena MA2, zizindikiro zosonyeza kuti ndi oilo wa njinga yamoto wosatereretsa klachi. Pa za kukhuthala kwake, 20W-50 kapena 10W-40, tsatirani buku la njinga yanu.

Synthetic amapirira kutentha, ndipo injini yoziziritsidwa ndi mphepo imafunikadi zimenezo ikamakwera ku Mwami ndi matumba a chimanga mu Okutobala. Koma ndi wodula. Ine ndikuti wa mineral wosinthidwa pa nthawi yake amaposa synthetic wosiyidwa mpaka kuda bii ndi fumbi la msewu wa ku Chadiza. Kusintha mtundu sikuvulaza injini, oilo awiriwa amasakanikirana bwinobwino.