Chithandizo cha kusabereka chikalephera kangapo: mupitirize mpaka liti?

Uthenga uno ndi wa mabanja a mu Mzuzu ndi madera ozungulira amene anayamba kale kulandira chithandizo kuti abereke, koma miyezi ikungopita popanda pathupi. Simuli nokha: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pa anthu 6 alionse, mmodzi amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake. Chofunika kudziwa n'chakuti njira iliyonse ya chithandizo ili ndi malire ake. Mukafika pa malirewo, kubwereza zomwezo sikuwonjezera mwayi kwenikweni, kumangodya ndalama ndi zaka za mayi. Malirewo agwirizaneni ndi dokotala musanayambe, chifukwa tsiku limene mayi waonanso msambo mtima sukhala m'malo oti n'kuganiza bwino.

Choyamba, kodi munayezedwa nonse?

Mabanja ambiri amati chithandizo chakanika pamene chimene chavuta sichinafufuzidwe n'komwe. Pali zinthu zitatu zoyenera kuyeza.

Umuna wa abambo. Uku ndi kuyeza kosavuta komanso kotsika mtengo kuposa kwina konse, koma ndiye kumene kumazembedwa kwambiri. Kuno kumpoto, kumene banja limalowoledwa, achibale a kuchimuna amathamangira kuloza chala mkamwana, chonsecho pa mabanja pafupifupi theka vuto limakhudzanso abambo. Bambo asagonane kwa masiku 2 mpaka 7, ndipo umunawo ufike ku labotale pasanathe ola limodzi. Muyezo wa WHO umayembekezera mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi. Zotsatira zikakhala zoipa, yezetsaninso pakapita miyezi itatu, popeza thupi limatenga masiku opitirira 70 kupanga mbewu zatsopano, ndipo kutentha thupi chifukwa cha malungo kumatha kuzichepetsa kwa kanthawi. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni woti mbewu zilipo. Ndipo jakisoni wa testosterone, amene ena amabayitsa poganiza kuti awonjezera mphamvu, amaletsa thupi kupanga mbewu.

Machubu a mayi. Dzira limakumana ndi mbewu m'machubu, ndiye akatsekeka onse awiri palibe piritsi limene lingathandize. Amatsekeka kawirikawiri chifukwa cha matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia osachizidwa bwino, kapena matenda olowa m'chiberekero pambuyo pobereka, kupita padera kapena kuchotsa pathupi. Amayi amene anakulira kunyanja, monga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, auze dokotala zimenezi, chifukwa likodzo nalo limawononga ziwalo zoberekera. Machubu amawaona ndi ekisileyi yotchedwa HSG, imene amathira mankhwala ooneka pa chithunzi kudzera pakhomo la chiberekero. Amaichita msambo utangotha.

Kutulutsa dzira. Mayi amene amasamba mwezi ndi mwezi mosadumphitsa nthawi zambiri amatulutsa dzira. Pofuna kutsimikiza amayeza m'magazi homoni yotchedwa progesterone, imene imakwera dzira likatuluka, kutatsala masiku 7 kuti msambo wotsatira uyambe.

Ngati chimodzi mwa zitatuzi sichinayezedwe, funso loti musiye kapena ayi silinafike. Bwererani mukayezetse.

Malire a njira iliyonse

Mapiritsi a clomiphene ndi letrozole ntchito yake ndi kuthandiza mayi amene satulutsa dzira, monga amene ali ndi vuto la PCOS, limene limasokoneza mahomoni ndi msambo. Amamwedwa masiku 5 okha kumayambiriro kwa msambo. Clomiphene amayambira pa 50 mg, ndipo dokotala angakweze kufika pa 100 mg kapena 150 mg ngati dzira silikutuluka. Letrozole amayambira pa 2.5 mg. Apa m'pamene pamasokera anthu ambiri. Amagula okha mapiritsiwa ku famase n'kumamwa chaka chathunthu, ena zaka ziwiri. Malire ake ndi miyezi 6. Amene mankhwalawa angawathandize amatenga pathupi m'miyezi yoyambirirayo, ndipo clomiphene akamwedwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu la mkati mwa chiberekero pamene mwana amayenera kukhazikika. Kwa mayi amene amatulutsa kale dzira bwinobwino, mapiritsiwa paokha phindu lake n'lochepa kwambiri, koma amawonjezera mpata wa mapasa. Mukayamba kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kuthwanima m'maso, siyani kumwa ndipo mukaonane ndi dokotala.

Pambuyo pa opareshoni yotsegula machubu kapena yochotsa zotupa za m'chiberekero, dikirani pathupi kwa pafupifupi chaka. Chikatha popanda kanthu, kubwerezanso opareshoni ya machubu omwewo kawirikawiri sikupindula.

Njira ya IUI, imene amatsuka umuna n'kuulowetsa m'chiberekero ndi kapaipi kakang'ono, imafuna chubu chimodzi chotseguka ndi mbewu zokwanirako. Ambiri amene imawathandiza amatenga pathupi pa maulendo 3 kapena 4 oyamba. Kupitirira maulendo 6 n'kutaya nthawi.

IVF ndi ija amatenga mazira kwa mayi, kuwakumanitsa ndi mbewu mu labotale, kenako n'kubwezera mluza m'chiberekero. Kwa banja la ku Mzuzu njirayi imatanthauza ulendo wautali, nthawi zambiri wa kunja kwa dziko monga ku South Africa kapena ku India, kotero powerengera mtengo phatikizani ndege, malo ogona, mankhwala ndi masabata osagwira ntchito. Kulephera kamodzi si chizindikiro choti zakanika. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti pa ulendo woyamba amayi pafupifupi 30 pa 100 alionse anabereka, ndipo kwa opitiriza mpaka maulendo 6 chiwerengero chinafika pafupifupi 65 pa 100. Komatu chiwerengerochi chimabisa nkhani ya zaka. Kwa amayi opitirira zaka 42 ogwiritsa ntchito mazira awo, mwayi pa ulendo uliwonse sunafike 4 pa 100. N'chifukwa chake madokotala ambiri amati mayi wosakwana zaka 40 ayese mpaka katatu kenako akhale pansi n'kuunikanso, pamene kwa wopitirira 42 amalankhula msanga za mazira operekedwa ndi mayi wina kapena kuima.

Zaka za mayi ndizo zimalamula liwiro la zonsezi. Wa zaka 28 angathe kupuma miyezi ingapo osataya kanthu. Wa zaka 38 asachedwe pa mapiritsi: mazira akuchepa, ndipo otsalawo ambiri amakhala ndi zolakwika zimene zimachititsa kuti mluza usakhazikike kapena apite padera. Kuyeza kwa magazi kotchedwa AMH kumasonyeza kuchuluka kwa mazira otsala, osati ubwino wake.

Zofunsa dokotala mukalephera

Pitani nonse awiri, mutanyamula buku la kuchipatala ndi zotsatira zonse zakale. Funsani kuti zavuta pa gawo liti: dzira silinatuluke, mazira anali ochepa, sanakumane ndi mbewu, kapena mluza unali wabwino koma sunakhazikike? Funsani chimene adzasinthe ulendo wotsatira, ndi mwayi wanu pa 100 wobereka mwana wamoyo, osati wongotenga pathupi. Zina zimakonzeka ndithu. Mwachitsanzo, chubu chodzadza madzi chimachepetsa mwayi wa IVF ndi pafupifupi theka, ndipo kuchichotsa kapena kuchitseka kumabwezeretsa mwayiwo. Koma dokotala akati tingoyesanso chimodzimodzi popanda chosintha chilichonse, muli ndi ufulu wokamva maganizo a dokotala wina. Chipatala chilichonse kapena sing'anga aliyense wolonjeza kuti mwana ndi wotsimikizika, muchenjere naye. Zitsamba zoika kumaliseche zimatha kuyambitsa matenda amene amatsekanso machubu.

Pa za ndalama, lembani pa pepala kuchuluka kumene banja lingawononge osagulitsa puloti, munda kapena ng'ombe, ndipo osalowa m'katapila. Ndalamayo ikatha, imani kaye. Imaninso mukaona kuti mmodzi wa inu sakugona, wasiya kudya, akulira tsiku ndi tsiku, wayamba mowa, kapena kuchipinda kwasanduka ntchito ya pa kalendala. Ku St John of God kuno ku Mzuzu kuli aphungu othandiza pa nkhawa ndi maganizo, ndipo wina akayamba kuganiza zodzipha, pitani tsiku lomwelo.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala

Mayi amene akubaya majakisoni okhwimitsa mazira akatupa mimba mwadzidzidzi, kusanza, kubanika kapena kuchepa mkodzo, athamangire ku Mzuzu Central Hospital. Chimodzimodzi mayi amene wadumphitsa msambo n'kumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi pang'onopang'ono kapena chizungulire. Pathupi pakhoza kukhala pakhazikika m'chubu, zimene zimachitika kwambiri kwa amene machubu awo anawonongekapo, ndipo chubu chikaphulika magazi amatayikira m'mimba mosaoneka.

Mukasankha kusiya

Kusiya mankhwala sikutanthauza kuyamba kugwiritsa ntchito njira zolera. Kumene machubu ali otseguka ndipo mbewu zilipo, mabanja ena amatenga pathupi paokha patsogolo, choncho mayi apitirize kumwa folic acid wa mamayikulogalamu 400 tsiku lililonse. Ngati munasunga miluza mufiriji ku chipatala cha IVF, funsani za malipiro osungira ndi tsiku limene mgwirizano ukutha. Amene akufuna kulera mwana wa ena mwalamulo ayambire ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, chifukwa chilolezo chimaperekedwa ndi khoti, osati pongogwirizana pakamwa. Gwirizananinso zoti muuze apongozi ndi ankhoswe, ndipo ndi bwino abambo alankhule okha kwa akwawo kuti awiri nonse munayezedwa ndipo chisankho ndi cha nonse.